Chisoni cha pa Thanthwe

Mau a mwezi wa Okutobala. Powerenga: Masalmo 104, ndime 18, Marko 4, ndime 1 kufikira 9.

Mlimi sakonda thanthwe. Pofuna malo a munda amayang'ana nthaka yakuya ndi yakuda, ndipo akapeza chitunda cha miyala pakati pa malo amene mfumu yampatsa, amapukusa mutu nati pamenepo mpotayika, pakuti khasu silingalowe ndipo pulawo ingathyoke. Ku Kasisi ndi m'midzi yoyandikana nayo dziko liri la chidikha, ndipo miyala yotere imapezeka apa ndi apo chabe. Koma munthu akatsata mseu waukulu wa kum'mawa, napitirira Chongwe kulinga ku Rufunsa ndi ku mlatho wa Luangwa, amaona zitunda zirikuchuluka, zina za miyala yosanjikizana, zina za thanthwe limodzi loyalika ngati mphasa. Tsono m'mwezi uno, moto utapita kale m'tchire ndi kusiya lupsa lokhalokha, mpamene chinthu china chimaoneka poyera: mitengo imene inatha m'chigwa ikali chiimire pa miyala paja.

Mlembi wa Salmo 104 anali munthu wopenyetsetsa. Powerenga zimene Mulungu anakonzera zolengedwa zake, sanaiwale malo amene anthu amawanyoza. Anaona kuti nawonso ali ndi eni ake, ndi kuti miyala inapatsidwa kwa mbira kuti zizibisalamo. Buku la Miyambo, mutu 30, limaika mbira pakati pa tinyama tinai tochepa thupi koma tochenjera, ndipo nzeru yake ndi iyi, kuti podziwa kufooka kwake inasankha kukhala pamene mdani sangaitsate. Mwana aliyense woweta mbuzi adaionapo mbira ikuothera dzuwa pamwamba pa mwala, nilowa m'mng'alu msanga chiombankhanga chikangodutsa. Chimene ambiri sachiganizira nchakuti zomera nazonso ziri ndi pothawira pake, ngakhale ziribe miyendo.

Thanthwe limasunga zomera m'njira zimene munthu angathe kuziona ndi maso. Moto wa m'tchire umayenda pa udzu. Ukafika pa mwala wosalala umaima, popeza ulibe chakudya, ndipo mtengo umene wamera m'mng'alu pakati pa miyala umapulumuka chaka ndi chaka pamene anzake a m'chigwa alikupsa. Mvula ikagwa pa thanthwe silowa pansi. Imatsetsereka nisonkhana m'ming'alu ndi m'tsinde mwa thanthwelo, kotero kuti mtengo wa pamenepo umamwa mvula ya malo aakulu kuposa mthunzi wake, ndipo pansi pa mwala chinyezi chimakhalitsa chifukwa dzuwa silichipeza. Mbali ya kumwera, kumene dzuwa la m'miyezi yozizira silifika kwenikweni, kumamera zinthu zokonda mthunzi zimene munthu sangazione pa mtetete. Ndiponso mlimi amene amadana ndi thanthwe uja ndiye amalisunga osadziwa, pakuti amalima kulizungulira nalisiya monga analipeza. Mjeremani wina wodziwa za miyala, Wilhelm Bornhardt, amene anayenda m'dziko lotchedwa Tanzania lero, anatcha mapiri otere dzina lakuti inselberg m'chaka cha 1900, ndiko kunena phiri lokhala ngati chisumbu. Dzinali nloyenera, minda ndi lupsa ndizo nyanja, ndipo zamoyo zimene sizikadatha kusambira ziri pa chisumbupo.

Okhala pa thanthwe ali a mitundu iwiri. Alipo othawa, ndiyo mitengo imene kale inali ponseponse: mlombwa, msuku, mombo, ndi ina imene nkhwangwa ndi moto zinaithamangitsa m'chigwa. Iyi ikadakonda nthaka yakuya, koma yatsala pa miyala chifukwa mpokhapo pamene inasiyidwa. Alipo ndi eni malo, amene sadziwa mudzi wina. Woyamba mwa iwo ndi ndere zija zimamatirira pa mwala, zotuwa ndi zachikasu, zimene zimanyenya mwalawo pang'onopang'ono kufikira patakhala kafumbi. Pa kafumbiko pamamera timaudzu ndi tizitsamba timene mizu yake imalukana nikhala ngati mkeka wochindikala, wogwira dothi ndi madzi. Pa mkekawo pamaima chomera cha tsinde lakuda la ulusi chimene akatswiri amachitcha Xerophyta, ndipo anthu a ku Mulanje amati cheyo napanga nacho timatsache totsukira ziwiya. M'chilimwe chimaoneka ngati chikuni chozima, koma mvula yoyamba ikagwa chimachita maluwa oyera kapena ofiirira patangopita masiku owerengeka. M'ming'alu yakuya muli mikuyu ya pa miyala, imene njere zake zinabwera m'mimba mwa mbalame ndi mileme, ndipo mizu yake yoyera imatsika pa nkhope ya thanthwe ngati zingwe, nilowa, nikula, kufikira itang'amba mwala umene nyundo ya munthu ikadaulephera. Pamwamba pake pamaonekera patali msetanyani, wa khungwa loyera ndi loterera.

Komatu mwa zonsezi palibe choposa kachitsamba kena kofika m'maondo, kamene dzina lake la m'mabuku ndi Myrothamnus flabellifolius. Friedrich Welwitsch, sing'anga wa ku Austria, ndiye anakalemba m'mabuku a akatswiri atakaona ku Angola m'zaka za m'ma 1850, koma makolo anakadziwa kalekale nakagwiritsa ntchito ngati mankhwala a chifuwa. Ashona a ku Zimbabwe amakatcha mufandichimuka, kutanthauza chinthu chofa ndi kudzukanso. Ku Malawi amakatcha chisoni. Kamamera pa dothi losapitirira chikhatho kuya kwake, pa mwala umene masana a Okutobala umatentha kufikira madigiri 60, woti munthu sangaupondeko wopanda nsapato. Mvula ikaleka, chisoni sichilimbana ndi dzuwa monga imachitira mitengo ya mizu yaitali. Chimalola madzi ake achoke, magawo 9 mwa magawo 10 ndi kuposerapo. Timasamba take timapindika ndi kukumbatira nthambi, tisanduka tofiirira, ndipo munthu akatifikisa pa zala timafumbutuka ngati fodya wouma. Aliyense angalumbire kuti chafa. Koma m'kati mwa timasambato muli shuga wa mtundu wina, wotchedwa trehalose, amene pamodzi ndi zinthu zina amalowa m'malo mwa madzi nagwiriziza tizigawo ta m'kati kuti tisasweke. Chimakhala chotero miyezi yambiri. Tsono mvula ikagwa usiku, pofika madzulo a tsiku lotsatira timasamba tija tatambasuka, tabiriwira, ndipo thanthwe lonse lirikununkhira. Mai Jill Farrant, mphunzitsi wa pa sukulu yaikulu ya Cape Town, watha zaka zambiri kufufuza zomera zouka chotere, ndi chiyembekezo chakuti nzeru yake ingathandize mbeu za m'munda kupirira chilala. Taonani, anthu ophunzira alikupita kukapempha nzeru pa malo amene mlimi anati ngotayika.

Pamenepa Mkristu wodziwa Malembo adzafunsa za fanizo la wofesa mbeu. Kodi Ambuye sanaphunzitse kuti mbeu yogwa pa miyala inamera msanga, nifota dzuwa litakwera, popeza inalibe muzu? Inde anatero, ndipo mau awo ali chikhalire. Mbeu ya m'fanizomo ndi mbeu ya m'munda, yofulumira kumera, yofuna madzi tsiku ndi tsiku. Ndi munthu wolandira mau ndi nthungululu pa tsiku la ubatizo, amene mabvuto akafika amabwerera m'mbuyo. Chisoni nacho chiri pa mwala womwewo ndi pa dzuwa lomwelo, koma makhalidwe ake ngena. Chimakula mochedwa kwambiri, chaka chonse chingoonjezera pang'ono, ndipo nyonga yake yoyamba chimaithera pa kugwira mng'alu. Chikauma chimauma chiri chigwirire. Kusiyana kwa ziwirizi sikuoneka m'mwezi wa Januwale, pamene zonse ziri zobiriwira. Ndiponso sikuoneka bwino m'mwezi wa Okutobala, pamene zonse ziri zouma. Kumaoneka mvula ikagwa.

Nchifukwa chake akulu a mpingo ayenera kuopa kuweruza msanga. M'mudzi uliwonse alimo anthu amene chikhulupiriro chao chapinda masamba. Alipo mai wamasiye amene anaika ana awiri m'chaka chimodzi, ndipo tsopano amakhala kumbuyo m'tchalitchi osaimba. Alipo bambo amene anakongola mbeu ndi feteleza, chimanga chake nkupserera chiri m'maondo, ndipo kuyambira pamenepo saoneka pa Misa chifukwa cha manyazi a ngongole. Otere sanali ochepa m'chaka cha 2024, pamene chilala chinaononga mahekitala a chimanga okwana ngati 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa m'Zambia, kufikira Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko liri pa tsoka. Munthu wopenya kunja kokha adzati awa adafa kale mu mzimu, nafafaniza maina ao m'buku. Ndiye kuthyola chisoni kukasonkhera moto. Mulungu yekha adziwa amene ali wouma ndi amene ali wakufa, ndipo ntchito ya mpingo ndiyo kutengera madzi kumeneko: kucheza nao pa khonde, kuwalimirako mzere, kuwasiyira malo ao pa benchi ngakhale patapita zaka. Mneneri Eliya nayenso anayesa kuti watsala yekha mwa okhulupirika, ali m'phanga la pa phiri, ndipo anauzidwa kuti alipo ena 7,000 amene iye sanawaone.

Anthu a dziko lino adziwa bwino kuthawira ku miyala, pakuti makolo ao anachita zomwezo. M'masiku a nkhondo za Angoni, Achewa a mfumu Mazengera anakwera phiri la Nkhoma nakhala pamwamba pake, ndipo anali komweko pamene amishoni anafika m'tsinde mwa phirilo m'chaka cha 1896. Davide pothawa Saulo anabisala m'phanga la Adulamu, ndipo osautsidwa ndi angongole anamtsata kumeneko, amuna ngati 400. Palibe mmodzi wa iwo anakwera kuti akakhale komweko kufikira imfa. Anakwera kuti mtundu usathe, ndipo nkhondo itapita anatsika namanganso midzi. Mitengo yothawa ija imachitanso chimodzimodzi: munda wa m'tsinde mwa chitunda ukagonekedwa, mphepo, mbalame ndi anyani zimatsitsa njere kuchokera ku miyala, ndipo tsala limasanduka nkhalango msanga kuposa tsala la kutali ndi chitunda. Njuchi zimene zimayenda m'maluwa a maungu ndi mpendadzuwa kawirikawiri zimagona m'ming'alu yomweyo.

Kasisi mwini wake ali ndi mbiri ya pothawira. Bambo Jules Torrend, wansembe wa chipani cha Ayezuiti wochokera ku France, anayamba mishoniyi m'chaka cha 1905, Lusaka asanakhale mzinda. M'chaka cha 1926 panatsegulidwa nyumba ya ana amasiye, ndipo kuyambira 1928 Asisitere ochokera ku Poland, Atumiki Aang'ono a Maria Wosachimwa, anatenga ntchito yolera anawo. Makanda amene amai ao anamwalira pobereka anafika kumeneko atakulungidwa m'nsalu, ndipo m'zaka zimene matenda a Edzi anasesa midzi, ana anachuluka koposa. Ambiri a iwo anakula natuluka, ndipo lero ali ndi mabanja ao. Munthu amene amalemekeza nyumba imeneyo, nadziwa chifukwa chake iyenera kukhalapo, sayenera kubvutika kumvetsa chifukwa chake Mlengi anasiya zitunda za miyala pakati pa minda.

Koma pothawira pamene Mulungu anakonza, munthu angathe kupapasula. Lusaka anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1935, ndipo pa kalembera wa 2022 boma la Lusaka lokha linali ndi anthu oposa 2 miliyoni. Ochuluka a iwo amaphikira makala, ndipo njinga zosenza matumba zimaoneka m'bandakucha pa mseu wochokera ku Chongwe. Madzi atachepa ku Kariba m'chaka cha 2024 ndi magetsi kumazima maora ambiri pa tsiku, ofuna makala anachulukanso. Mitengo ya m'chigwa ikatha, wootcha makala amakweza maso ku chitunda kumene atate ake sanakwereko ndi nkhwangwa. Mzinda ufunanso miyala yomangira, ndipo thanthwe limaphwanyidwa, kwina ndi makina, kwina ndi nyundo za amai okhala pa dzuwa tsiku lonse kuti adzaze wilibala. Nkosayenera kuwaloza chala amai amenewa kapena wootcha makala ngati kuti tchimo ndi lao okha. Ali ndi ana ofuna nsima, ndipo wogula wa m'tauni amene amatsitsa mtengo wa thumba ali ndi gawo lake m'mlanduwo. Koma chilungamo chifunanso kuti zinenedwe: munda wopsa umaphukanso dzinja likudzalo, pamene mkeka wa pa thanthwe, umene unalukidwa zaka zosawerengeka, ukasendedwa kamodzi mvula imakokolola dothi lake lonse, ndipo adzukulu a wosendayo adzapeza mwala wambee. Othawa aja angabzalidwe kwina. Eni malo, chisoni ndi cheyo, sangathe kupikisana ndi udzu wa m'nthaka yakuya, ndipo thanthwe lao likapita alibe kolowera.

Phiri la Mulanje lapereka umboni wowawa. Mkungudza wa kumeneko, Widdringtonia whytei, sumera mwachibadwa pena paliponse pa dziko lapansi, ndipo unapulumuka moto m'zigwembe za pakati pa matanthwe kwa mibadwo yambiri. Unali wotetezedwa ndi lamulo, unatchedwanso mtengo wa fuko la Malawi. Koma matabwa ake onunkhira ndi osadyedwa chiswe anali a mtengo wapatali, ndipo ocheka anakwera ndi masowo kumene moto sunafike. Pamene ofufuza anayenda m'phirimo m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha iri moyo. Tsopano anthu alikubzala mbande zambirimbiri kuti aubwezeretse, ntchito yolemetsa imene ikadapeweka. Mtengo wa mukula, wokonda mapiri a miyala m'Zambia, unadulidwa chotero kutumizidwa kunja kufikira maiko anagwirizana m'chaka cha 2019 kuuika pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake ayenera kuyang'aniridwa.

Chilamulo cha Mose chinaletsa mwini munda kukolola kufikira m'mphepete, kuti wosauka ndi mlendo apeze khunkha. Chinaletsanso wopeza chisa kutenga mbalame yaikazi pamodzi ndi ana ake. Mulungu amene analamula zimenezi safuna kuti munthu atenge zonse zimene dzanja lake lingafikire. Papa Francis anakumbutsa Eklezia za udindo womwewu m'kalata yake ya chaka cha 2015 yonena za kusamala dziko, mudzi wa anthu onse. Ndipo pa Kasisi pomwepo, sukulu ya ulimi imene Ayezuiti anaitsegula m'chaka cha 1974, kumene Bulazala Paul Desmarais wa ku Canada anagwira ntchito zaka zambiri, yakhala ikuphunzitsa alimi kubwezera nthaka mphamvu ndi manyowa ndi mitengo monga msangu. Mlimi amene wamva phunzirolo nafuna kubwezera mitengo ya makolo pa malo ake adzafunsa kumene angapeze njere. Adzazipeza pa chitunda, ngati chitundacho chikali ndi mitengo yake.

Midzi yambiri idziwa kale kusunga msitu wa kumanda, kumene munthu sadulako mtengo popanda chilolezo cha mfumu. Akristu angathe kupita kwa mfumu ndi nduna zake mwaulemu, napempha kuti chitunda cha miyala cha m'mudzimo chilemekezedwe chimodzimodzi, ndi kuti wofuna miyala apatsidwe mbali imodzi, yosankhidwa, m'malo mwa kugumula ponseponse. Udzu wa m'tsinde mwa chitunda ulambulidwe kapena utenthedwe msanga, m'mwezi wa Meyi kapena Juni, ukali ndi chinyezi, kuti moto waukali wa Okutobala usapeze makwerero. Anyamata osaka mbewa auzidwe za ichi ndi atate ao. Mbuzi, zimene zimakwera pamene ng'ombe imalephera, zisatayiridwe kumeneko masabata oyamba a mvula pamene mphukira ziri zanthete. Sing'anga wofuna chisoni athyole nthambi, asazule tsinde. Wofuna khungwa asende mbali imodzi, asazungulize mtengo.

Mwezi uno ndi wotsatirawo ndiyo nyengo yotola mbeu. Zipatso za mlombwa, zozungulira ngati mbale ndi zaminga pakati, zimalendewera pa mtengo wopanda masamba, ndipo nthambi yake yaikulu ikadulidwa bwino ndi kuzikidwa mvula iri pafupi imatha kuphuka, monganso kachere. Masuku alikuyamba kupsa. Njere zake sizikhalitsa, ziyenera kufesedwa masiku omwewo munthu atadya chipatso. Ndipo mphunzitsi wa katekisimu amene afuna kufotokozera ana za kuuka kwa akufa atume mwana wamkulu ku thanthwe akathyole kanthambi kamodzi ka chisoni, kamodzi kokha, anawo akaone ndi kukakhudza kali kouma. Akakaika m'kapu ya madzi Loweruka madzulo, Lamulungu m'mawa kadzakhala katatambasula masamba, ndipo okhala pa benchi yoyamba adzamva fungo lake.